Makina a RO/DI pa madzi amchere a ku Nchalo: yambani mwafunsa za pampu

Mijigo ina ya kuno ku chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere, ndipo wathu pano pa Nchalo ndi umodzi mwa imeneyo. Tiyi sakoma, sopo satulutsa thovu, ketulo imayera mkati. Ndikaviika kachipangizo koyezera TDS, ndiye kuti kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, kamasonyeza manambala oyandikira 900. Bungwe la WHO limati madzi osafika 600 amakoma bwinobwino, ndipo akapitirira 1,000 anthu amayamba kuwanyansidwa. N'chifukwa chake ndinagula makina osefera a RO (reverse osmosis, okankha madzi kuti adutse pa sefa yotsekereza mchere) okhala ndi gawo la DI (deionisation, lochotsa kamchere kotsala) kumapeto, m'sitolo ina ku Blantyre.

Makinawa ali ndi magawo anayi. Loyamba ndi sefa ya timabowo ting'onoting'ono ta ma micron 5 yogwira matope ndi mchenga. Lachiwiri ndi la makala, lomwe limachotsa klorini, poti klorini amawononga membrane, kachikopa kopyapyala kotsekereza mchere. Lachitatu ndi membrane yeniyeniyo, ya FilmTec, yomwe pa pepala imatulutsa magaloni 75 patsiku, pafupifupi malita 280. Lomaliza ndi kabotolo ka timikanda ta resin, tomwe timayamwa kamchere kotsala.

Pa ntchito yochotsa mchere ndilibe nawo mlandu. Madzi otuluka mu membrane amasonyeza manambala a m'ma 30, ndipo tiyi wa m'mawa anabwerera m'chimake. Ana amene ankakonda kukatunga madzi akumwa kwa aneba anasiya okha popanda wowauza.

Koma nkhani yaikulu, imene wogulitsa sanaitchule n'komwe, ndi mphamvu ya madzi. Malita 280 aja amawerengera madzi akamakankha ndi mphamvu ya 50 psi (muyezo wa kukankha kwa madzi) kapena kuposerapo. Ikatsika kufika pansi pa 40 psi, madzi amangodontha ndipo mchere wochuluka umadutsa. Ambiri kuno timadalira thanki ya pamwamba pa nsanja. Kuti mupeze bar imodzi, yomwe ndi 14.5 psi, thanki iyenera kukwera mamita 10. Nsanja ya mamita 6 sifika ngakhale 9 psi. Mwachidule, popanda pampu yowonjezera mphamvu, ija ya 24 V, makinawa ndi chokongoletsa khoma basi. Ine pampu ndinachita kugula payokha, ndipo ndikanakonda akanamagulitsira limodzi. Magetsi akazima nayo imaima, choncho ndinailumikiza ku inveta ya sola.

China choti mudziwiretu: makinawa amataya madzi. Pa lita imodzi yoyera, malita atatu kapena anayi amatuluka pa kapaipi kena atanyamula mchere wonse wokanidwa uja. Ife timawakhetsera mu dramu, n'kumakolopera ndi kuthira kuchimbudzi. Padimba la ndiwo musathirire, chifukwa mcherewo umaunjikana m'nthaka, makamaka kuno kotentha kumene madzi amauma msanga.

Tsono za DI. Wogulitsa anandiuza kuti, “Bwana, tengani ya DI, madzi ake ndi ziro weniweni.” Sananame, kachipangizo kamasonyezadi 0. Funso n'lakuti ziroyo mukufuna muchite nayo chiyani. Madzi otere ndi ozizira m'kamwa, opanda kukoma kulikonse, ndipo resin yambiri yogulitsidwa ndi makina otere sanaipangire madzi akumwa. Amene amaifunadi ndi oweta nsomba za m'nyanja zamchere m'magalasi, a m'malabu, ndi ife a mabatire a sola ofuna kuthiridwa madzi. Kwa ine phindu lake lili pomwepo: ndinasiya kugula madzi a batire a m'mabotolo, ndipo ayironi ya nthunzi siitsekekanso.

Resin imatha msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Timikandato timayamba tili tabuluu, kenako timasanduka tofiirira kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo mtunduwo ukafika pamwamba ndiye kuti ntchito yatha. Madzi a m'mijigo amakonda kukhala ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umadutsa membrane mosavuta n'kukadya resin. Ndinapempha pulambala kuti aike kampopi pakati pa membrane ndi DI. Madzi akumwa ndi ophikira timatunga pamenepo, ndipo gawo la DI ndimatsegula pokhapokha ndikafuna madzi a mabatire. Ndimayambanso ndataya madzi oyambirira makina akangoyaka, poti amakhala ndi mchere wokwerako. Chiyambireni kuchita zimenezi, resin ikukhalitsa.

Ngati mumamwa madzi a pampopi a m'tauni omwe TDS yake ndi yotsika kale, sefa ya makala ingakukwanireni, ndalama ya RO musunge. Ngati vuto lanu ndi tizilombo toyambitsa matenda, musadalire makinawa okha, wiritsani madziwo kapena onjezerani nyali ya UV yopha tizilombo. Koma ngati mjigo wanu uli ngati wathu, gulani RO yokhala ndi pampu komanso geji yosonyeza mphamvu ya madzi, ndipo onetsetsani kuti mabotolo a masefa ndi a mainchi 10 ndipo membrane ndi ya saizi ya 1812, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimapezeka mosavuta zikatha. DI muwonjezere pambuyo pake, mukaona kuti muli nayo ntchito.