Forester yokwezedwa ija, patatha chaka ndi kanthu

Abale amene munkafunsa za Subaru Forester ndinaikweza ija, pano yadutsa dzinja lonse komanso fumbi la chilimwe nde ndingathe kunenako chilungamo. Kwa amene simukuidziwa, ndi SH5 ya 2009, ex-Japan yolowera pa Dar ndi Songwe, injini EJ20 ya 2.0 yopanda turbo, automatic ya magiya 4. Ndinaika matayala a AT (all-terrain, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe), chitsulo choteteza kunsi kwa injini, ma spacer okweza 50mm, ka cooler ka oyilo wa gearbox ndi kariyala pamwamba. Ndineneretu, mwa zonsezi lift, kukweza ndi ma spacer kuja, ndi imene anthu amaiyamikira pa filling station, "bwana mwaipanga bho", koma ndi yomwe yandithandiza pang'ono kuposa zinzake ndipo mpaka lero ikudyabe ndalama.

Matayala ndiye nkhani yeniyeni. Inabwera ndi 215/65R16 a pa tala, ine ndinaika 215/70R16 AT pa ma rim omwewo. Tayala limeneli ndi lalitali ndi pafupifupi 21mm, kutanthauza kuti galimoto imakwera 1cm basi, osati zambiri, koma m'mbali mwa tayala muli mnofu wochuluka ndiye ukhoza kuphwetsako mpweya osaopa kuphwanya rim. Apa ndi pamene pali phindu lonse. Msewu wa ku Nyika uja, kuchoka pa Rumphi kudzera Bolero mpaka pa geti ya Thazima kenako makilomita 60 ena kukafika Chelinda, ndi mabampu ang'onoang'ono otsatana, miyala yakuthwa, pena dothi lofiira loterera mvula ikangowaza. Ndikatsitsa mpweya kufika 1.7 bar galimoto imasiya kunjenjemera, kumbuyo sikuvinanso pa khota, ana amagona kumbuyoko pomwe anzathu a Hilux yopanda katundu amafika msana utawawa. Mu mchenga wa kunyanja ndimatsitsa mpaka 1.2 koma osakhota mwamphamvu, tayala lingavuke pa rim. Nde pampu ya 12V ndi geji zisamachoke mu buti, chifukwa kubwerera pa M1 ndi matayala ofewa ndi kuwapsereza dala.

Kuipa kwake kulipo. Amalira pa tala makamaka akayamba kutha, pa tala yonyowa buleki imatenga kamtunda, ndipo speedometer imanama ndi 3%, ikamati 80 dziwani muli cha pa 82 kapena 83, a traffic ndi kamera yawo sadzamva zoti munasintha matayala kkkk. China chimene ambiri sachilabadira: pa Subaru matayala onse anayi ayenera kukhala saizi imodzi, mtundu umodzi, kutha kwake kofanana. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la kaunjika likaphulika lina, pa galimoto iyi chimapha ma clutch ogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo mkati mwa gearbox, chifukwa amakhala akulimbana ndi kusiyanako nthawi zonse, mapeto ake galimoto imayamba kugwiragwira ukamakhota pa parking. Ine ndinagula asanu ndipo sipeya imalowa nawo mu kasinthasintha.

Chitsulo cha kunsi chija sindinaitanitse kunja. Anandidulira ndi kupinda anyamata owotcherera, 3mm, tinamanga pa mabowo a mabauti omwe analipo kale, ndi kuboola malo otulutsira oyilo ndi fyuluta kuti pa service tisamachotse chonse. Pa injini za EJ sampu (mosungira oyilo wa injini) ndi mapaipi a ekizozi zimakhala pansi penipeni kutsogolo, chomwe fakitale inaikapo ndi pulasitiki yotchinga matope basi. Mukachiona lero chitsulocho ndi zipsera zokhazokha, pali malo amodzi chinalowa mkati moti tinachita kuwongola ndi hamala, ndipo mwala umenewo ukanapeza sampu bwenzi tikukamba za injini ina. Chomwe chimavuta ndi udzu ndi matope kuunjikana pamwamba pake pafupi ndi ekizozi, makamaka ukayenda mu udzu wouma wa mu September, ndiye muzisuzumira, moto suchedwa.

Tsopano lift. Zoona galimoto inakwera, yochokera ku fakitale ili cha pa 220mm ndipo ndi ma spacer ndi matayala inafika cha pa 280mm, chitsulo chija nkubwezako pang'ono. Bampala yakutsogolo inasiya kukhula potsika m'makwawa, izi sindikana. Koma ma spacer amangokankhira thupi mmwamba, ma shaft opititsa mphamvu ku mawilo nkutsala akugwira ntchito chopendekeka tsiku ndi tsiku olo ukupita kukagula buledi. Ma CV boot (malabala osunga girizi polumikizira ma shaft) amkati kutsogolo ndi amene amayamba kulira, ena ali pafupi ndi ekizozi amakhala ouma kale ndi kutentha nde ukawonjezera kupindika amang'ambika, girizi kumwazika, fumbi kulowa, ukachedwa kuona wagula shaft yonse. Ndasinthapo kale ma boot, ma link a stabilizer ndi ma bush ena, zinthu zomwe zinali zisanayambe kudandaula. Alayimenti nayo inavuta mpaka titaika ma camber bolt, mabauti owongolera kupendekeka kwa tayala, ndipo kumbuyo pamafunika ma spacer ena otsitsa subframe, chitsulo chomwe chimagwira miyendo yakumbuyo, kuti tayala libwerere pakati, wogulitsa akakupatsani ma spacer anayi okha a pamwamba pa ma shoko dziwani kuti kit sinakwane. Pa khota imapendama kuposa kale, potsika Chikangawa ndimachita kuigwira bwinobwino. Munthu atandifunsa lero ndingati 25mm kapena 30mm ikukwana, yoposa apo ndi yojambulitsa.

Nanga imafika pati? Apa mpomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga a pa gulu la Subaru amene amati Forester yokwezedwa ndi ka Land Cruiser kakang'ono. Ayi ndithu. Automatic iyi ilibe low range, magiya otsika aja a ma 4x4 okwerera pang'onopang'ono ndi mphamvu zambiri, ndipo palibe spacer kapena tayala lomwe lingabweretse low range. Yesani msewu wa Golodi, kuchoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makhota 20 aja ndi miyala yosuntha. Imakwera inde, koma ukuyenda pang'onopang'ono pa chitunda chotere torque converter, yomwe imagwira ntchito ya clutch pa automatic, imakhala ikuterereka nthawi yonse, kuterereka kumeneko nkumene kumatenthetsa oyilo wa gearbox mpaka nyali ya AT OIL TEMP kuyaka, ndipo matayala akuluakulu amawonjezera vutoli chifukwa giya 1 imakhala ngati yatalika. Nchifukwa chake ka cooler kaja, kotchipa kuposa zonse ndinaika, ndimakaona kofunika kuposa lift. Chikaikireni nyaliyo sindinaione. Potsika ndiye kulibe chothandiza, umaika pa 1 koma injini sigwira mokwanira, buleki ndi imene imasenza zonse, pamafunika kuima kaye kuti izizire uku mukuona nyanja. Ku Chelinda nako ndi pamwamba kupitirira mamita 2,000, mpweya ndi wochepa, 2.0 yopanda turbo ikadzaza anthu ndi katundu imachita kupuma befu.

Matope ofiira oterera imadutsa mosavuta kwambiri, mwina kuposa ma pickup ambiri chifukwa ndi yopepuka ndipo mawilo onse amakoka osadikira kuti ulowetse 4x4. Tayala lina likakwera mmwamba VDC, kompyuta yoletsa galimoto kuterereka, imaligwira buleki kuti mphamvu ipite kwinako, chinsinsi ndi kupondabe mafuta mofanana osachotsa phazi ikayamba kugogoda, ambiri amaopa phokosolo nkusiya. Mu mchenga wakuya ndimaizimitsa VDC-yo chifukwa imadula mphamvu nthawi imene ukuifuna. Koma makande a ku Liwonde kapena kumunsi ku Chikwawa mu February, iwalani. Dothi lija limamata, AT imadzaza nkukhala ngati tayala lotha, kenako mumizere yomwe akumba mathirakitala ndi malole mimba imakhala pansi mawilo nkumazungulira mlengalenga, 280mm kapena ayi. Ndipo ka mbedza komanga pa bampala kaja ndi kokokera pang'onopang'ono pa msewu, osati kuthyolera ndi thirakitala galimoto itamira, kakaduka kamauluka.

Za madzi ndingoti osapitirira pakati pa tayala ngati simukudziwa pansi pake. Dif yakumbuyo ili ndi kopumira pamwamba, ikalowa m'madzi ili yotentha imayamwa madzi, nde ndinalumikizapo kapaipi kukwera nako mmwamba. Dzinja likatha tsegulani muone oyilo, akaoneka ngati tiyi wamkaka thirani wina tsiku lomwelo.

Kariyala ndinachotsa, imakhala kuseli kwa nyumba. Imaliza mluzu kuyambira pa 80, imadya mafuta olo ilibe kanthu, ndipo ndi lift ija katundu wa pamwamba amapendamitsa galimoto moopsa. Ndimaibwezera pokhapokha ndikupita ku Nyika chifukwa thanki ndi ya malita 60 ndipo ukadutsa Rumphi usadalire kupeza petulo. Mafuta onse pamodzi, matayala ndi lift zandidyera pafupifupi kilomita imodzi pa lita, zomwe ndi mizere ya mafuta timaima ija umazimva ndithu. Mitengo sindilemba, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mtengo uliwonse umakalamba usanamalize kuutaipa.

Chomwe chatsala ndi kumbuyo. Ma spacer sasintha kulimba kwa ma spring, ndiye ndikaika matumba a chimanga pochokera kumudzi ndi anthu atatu kumbuyo galimoto imakhala pansi ngati sinakwezedwe nkomwe, malaiti nkumawalira m'mitengo. Ma shoko akumbuyo ayamba kale kutuluka thukuta la oyilo, ndiye posintha ndichotsa ma spacer a 50mm, ndiike ang'ono pamodzi ndi ma spring olimbirapo kumbuyo. Amene muli ndi SH ndipo munaikapo kale ma spring otere ndiuzeni ngati sikugunda kwambiri ikakhala yopanda katundu, ndisanatumize ndalama ku Joni.