PostgreSQL m'maofesi a ku Mangochi: ma index ake ngolimba, koma safuna kuwalekerera

Ofesi ikatopa ndi Excel, kaya ndi gulu lobwereketsa ndalama pa boma, loji ya ku Cape Maclear kapena ogula usipa m'madoko a ku Makanjira, database (pulogalamu yosunga ndi kufufuza zolemba m'matebulo) yoyenera kusamukirako ndi PostgreSQL. Ndi yaulere ndipo imayenda pa kompyuta wamba. Mphamvu zake zagona pa momwe imasungira pa disiki ma index (mindandanda yolozera pomwe mzere uli m'tebulo kuti upezeke msanga), ndipo mavuto ake ambiri amachokeranso pomwepo.

Tebulo lililonse lili ndi fayilo yake m'foda yotchedwa base, ndipo index iliyonse ndi fayilo inanso payokha. Mukafunsa ndi pg_relation_filepath imakuuzani pomwe fayiloyo ili. Ikakwana 1 GB, imayamba ina yokhala ndi .1 kumapeto, kenako .2. M'kati mwake, fayilo imagawidwa m'mapeji a 8 KB, kutanthauza ma byte 8,192. Mizere ya tebulo imangoyalidwa paliponse pomwe pali mpata, ngati usipa pa thandala, ndipo mzere uliwonse uli ndi adiresi yake yotchedwa ctid: nambala ya peji ndi malo ake m'pejimo, mwachitsanzo peji 412, malo 7.

Index ya masiku onse ndi B-tree, mtengo wozondoka. Peji 0 imangosunga komwe kuli muzu. Muzu umaloza nthambi, nthambi zimaloza masamba, ndipo m'masambamo ndi momwe muli makiyi (zomwe mumafufuzira, monga nambala ya risiti kapena tsiku) ondandalikidwa bwino, kiyi iliyonse ndi ctid yake. Masamba ndi olumikizana kumanja ndi kumanzere, choncho mukafuna malonda onse a kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Juni, PostgreSQL imatsika kamodzi kokha n'kumayenda cham'mbali. Kalumikizidwe ka kumanjaka kanachokera kwa Lehman ndi Yao mu 1981, ndipo n'komwe kamathandiza kuti wowerenga asasochere pamene peji ikugawika pakati chifukwa wina akulembamo.

Tiwerengere limodzi. Nambala ya risiti ya mtundu wa bigint imadya ma byte 8, mutu wake wokhala ndi ctid ma byte 8, kolozera ka m'peji ma byte 4, zonse 20. Tsamba limadzazidwa kufika pa 90 peresenti, ndiye limanyamula makiyi pafupifupi 366. Malisiti miliyoni imodzi amafuna masamba pafupifupi 2,730, omwe ndi 21 MB, ndipo mtengo wonse umakhala wa masitepe atatu okha. Kupeza risiti imodzi ndi kuwerenga mapeji atatu a index ndi imodzi ya tebulo. Popanda index, ngati mzere uliwonse ndi wa ma byte 100, kompyuta iyenera kusanthula mapeji oposa 12,000. Pa laputopu yakale ya hard disk yozungulira, kusiyanaku kumaonekera pa mzere wa anthu odikira pa kauntala.

InnoDB ya MySQL imachita mosiyana: mapeji ake ndi a 16 KB ndipo mizere ya tebulo imakhala m'masamba a index ya primary key (kiyi yozindikiritsa mzere uliwonse) momwemo. SQLite imaika zonse m'fayilo imodzi ya mapeji a ma byte 4,096. Ngati wolemba ndi mmodzi pa laputopu imodzi, SQLite ndi yokwana, musadzivutitse. PostgreSQL imaonetsa phindu lake olemba akachuluka.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani ya kwathu kuno ndi mayina. M'kaundula wa mamembala, a Saidi, a Yusufu, a Phiri ndi a Banda amabwerezedwa kambirimbiri, chimodzimodzi mayina a midzi ndi mafumu. Kuyambira version 13 ya mu 2020, kiyi yobwerezedwa imalembedwa kamodzi m'tsamba, n'kutsatana ndi mndandanda wa ma ctid ake, ndiye index imachepa kwambiri. Amene anakweza database yakale ndi pg_upgrade ayenera kuchita REINDEX, kumanganso ma index, kuti ma index akalewo apindule nazo. Koma B-tree sidziwa kuti Yusufu, Yusuf ndi Usufu angakhale munthu mmodzi. Kufufuza ndi LIKE 'Yus%' kumagwiritsa ntchito index pokhapokha itamangidwa ndi text_pattern_ops kapena collation, dongosolo londandalikira zilembo, ikhale C. Kufufuza zilembo za pakati pa dzina kumafuna pg_trgm ndi index ya GIN, yomwe imaduladula dzina m'tizidutswa ta zilembo zitatuzitatu. Imagwira bwino ntchito, koma ndi yaikulu ndipo imachedwetsa kulemba.

Pa index ya makolamu awiri, kotsogola n'kofunika. Ya doko kenako tsiku imayankha msanga funso la malonda a ku Malindi mwezi watha, koma funso la tsiku lokha silithandizika kwenikweni, chifukwa masikuwo amwazikana pansi pa doko lililonse. Version 18 ya mu 2025 yachepetsako vutoli ndi skip scan, kudumpha kuchoka pa doko lina kupita pa lina m'index, makamaka ngati madoko ndi ochepa.

Tsopano poipa pake. PostgreSQL sisintha mzere pamalo pomwepo. UPDATE imalemba mzere watsopano ndi kusiya wakale uli wakufa. Mzere watsopano uli ndi ctid yatsopano, ndiye index iliyonse ya tebulolo iyenera kulandira cholowa chatsopano. Tebulo la ma index asanu ndi atatu limalemba malo asanu ndi anayi pa kusintha kumodzi. Njira yozembera ndi HOT, kulemba mzere watsopano osakhudza ma index, yomwe imatheka pokhapokha kolamu yomwe yasintha ilibe index ndipo m'peji yomweyo muli mpata. Apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka: amaika index pa kolamu ya ndalama zotsala pa ngongole, yomwe imasintha nthawi zonse munthu akabweza, HOT n'kufa. Chotsani index imeneyo, ndipo pa tebulo lotere tsitsani fillfactor, mulingo wa momwe peji imadzazidwira, kuchoka pa 100 kufika cha m'ma 85 kuti peji izikhala ndi mpata.

Mizere yakufa imasesedwa ndi autovacuum, koma siingasese chilichonse chomwe transaction yakale (ntchito yomwe inayambidwa mu database koma siinatsekedwe) ingafunebe kuona. Kalaliki akatsegula fomu Lachisanu masana n'kupita ku mzikiti, pulogalamu yolembedwa mosasamala imasiya transaction ili chitsegukire, zinyalala n'kumaunjikana mpaka wina ataitseka. Ikani idle_in_transaction_session_timeout, mwina mphindi khumi, kuti transaction yotere izitsekedwa yokha. Dziwaninso kuti VACUUM wamba imayeretsa m'kati mwa index koma fayilo yake siibwerera m'mbuyo. Onani avg_leaf_density, nambala yosonyeza momwe masamba adzazira, ndi pgstatindex. Ikatsika kwambiri kuchoka pa 90, chitani REINDEX CONCURRENTLY, yomwe ilipo kuyambira version 12 ya mu 2019 ndipo siimitsa ntchito, koma imafuna malo a index yachiwiri pa disiki mpaka itamaliza. Makiyi a UUID ya chisawawa amatupitsanso index, poti kiyi yatsopano imagwera tsamba lililonse n'kuligawa pakati. Nambala zotsatana zimangodzaza tsamba lakumapeto.

Za magetsi ndiye ndiyenera kunena mosabisa. Disiki imalemba tizigawo ta ma byte 512 kapena 4,096, pomwe peji ndi ya 8,192. Magetsi akathima pakati, peji ikhoza kutsala theka yatsopano theka yakale. PostgreSQL imadziteteza polemba kaye zosintha zonse m'kaundula wotchedwa WAL, mafayilo a 16 MB a m'foda ya pg_wal, ndipo ndi full_page_writes imasunga peji yonse ikasinthidwa koyamba pambuyo pa checkpoint, nthawi yomwe imalembera pa disiki mapeji onse osinthidwa. Magetsi akabwera, imawerenga WAL n'kukonza yokha, ndipo pa ichi ndimaipatsa ulemu wonse. Koma chitetezo chimenechi chimatha mukazimitsa fsync, yomwe imaonetsetsa kuti zolembedwa zafikadi pa disiki, pofuna liwiro, kapena mukafufuta mafayilo a mu pg_wal poganiza kuti ndi zinyalala zodzaza disiki. Musayerekeze. SSD ina yotchipa imanenanso kuti yalemba pamene zinthu zikadali m'kachikumbukiro kake, choncho UPS, batire yogwirira kompyuta magetsi akathima, si yokongoletsera ofesi. Seva isakhale pansi pa fumbi kapena pafupi ndi malata, kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Ma checksum a mapeji, nambala zothandiza kuzindikira peji yoonongeka, amayaka okha pa database yatsopano kuyambira version 18. M'mbuyomo munkayenera kuwayatsa nokha. Kamodzi pa mwezi yendetsani bt_index_check ya amcheck pa ma index ofunika kuti muone ngati sanaonongeke.

Pali msampha wina wosaoneka. Mayina amandandalikidwa motsatira malamulo a glibc ya Linux, ndipo glibc 2.28 ya mu 2018 inasintha malamulowo. Mukakopera foda ya database kuchoka pa Ubuntu 18.04 kupita pa 20.04, index ya mayina imakhalabe m'dongosolo lakale, ndiye membala yemwe alimo angaoneke ngati mulibe, kapena dzina loyenera kukhala limodzi lingalowe kawiri. Chitani REINDEX pa ma index onse a mawu musanatsegulire anthu, kapena samukani ndi pg_dump, yomwe imamanga ma index atsopano pobwezeretsa.

Zinthu ziwiri zomwe opanga ake akanatha kutifewetsera: foreign key, kolamu yoloza mzere wa tebulo lina monga nambala ya membala m'tebulo la ngongole, siipatsidwa index yokha, muyenera kuiika nokha, apo ayi kufufuta membala mmodzi kudzasanthula tebulo lonse la ngongole. Komanso random_page_cost, nambala yoyerekezera kuvuta kwa kuwerenga mapeji otalikirana, imabwera ili pa 4, mulingo wa hard disk yozungulira. Pa SSD itsitseni cha pa 1.1, kuopa kuti PostgreSQL ingamasiye index yabwinobwino n'kumawerenga tebulo lonse. Pakatha miyezi itatu, tsegulani pg_stat_user_indexes. Index yomwe idx_scan yake ikadali pa 0, kutanthauza kuti siinagwiritsidwepo ntchito, ndipo siikuteteza primary key kapena unique, ichotseni.