RAID 1 kapena ma hard drive awiri oyima pawokha?

Anzanga amene akumanga kompyuta ya padesiki amandifunsa funso lomwelomwelo: ma hard drive awiri alipo, DVD drive iliponso, nanga mu BIOS (zoikamo za motherboard zimene mumalowamo Windows isanayake) asankhe RAID kapena AHCI? RAID 1 imalemba zofanana pa madisiki onse awiri, pomwe pa AHCI disiki iliyonse imayima payokha. Ndiyankhe pano kuti ndipume. Za IDE mode, njira yakale yolumikizira madisiki, sindichedwapo. Inatsalira chifukwa cha Windows XP imene sinkadziwa AHCI popanda driver (kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi chipangizo), ndipo ma motherboard ambiri atsopano anaichotsa.

Pa liwiro palibe chokanganirana. Hard drive ya 7200 rpm imayenda cha m'ma 200 MB pa sekondi, ndipo RAID 1 polemba siposa disiki imodzi. Pa malo, awiri a 2 TB mu RAID 1 amakupatsani 2 TB basi, pomwe oyima pawokha ndi 4 TB, ngakhale wachiwiriyo mukamupatsa ntchito yosunga makope phindulo limachepa.

Pamene ndili napo mawu ndi pa lonjezo limene anthu amagulitsira RAID 1. Amene anandimangira kompyuta yanga yakale anandiuza motsimikiza kuti ndi RAID sindidzatayanso kanthu, ndipo anandilipiritsa padera poikonza. Tsiku lina pulogalamu yolumikizira mavidiyo inazima ili mkati mosunga ntchito, fayilo n'kuwonongeka. Sindinade nkhawa, poti disiki yachiwiri inalipo. Kupita kukaona, pulogalamu ya RAID inkaonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo sinkanama: madisiki onse awiri anali amoyo, aliyense atasunga mokhulupirika fayilo yowonongeka yomweyo.

RAID 1 ili ngati kalilole. Chimene chalembedwa uku chimalembedwanso uko nthawi yomweyo, osafunsa ngati n'chabwino. Mukafufuta foda, yafufutika konsekonse. Magetsi akathima n'kusokoneza NTFS (dongosolo limene Windows imasungira mafayilo pa disiki), chisokonezocho chikhoza kukhala pa onse awiri. Vairasi ikatseka mafayilo, RAID imaithandiza kumaliza ntchito. Sikuti RAID ndi yachinyengo ayi. Patterson, Gibson ndi Katz, akatswiri a pa yunivesite ya ku Berkeley, amene anatchukitsa dzinali mu 1988, ankalimbana ndi vuto la disiki kufa, ndipo pamenepo imagwiradi ntchito: imodzi ikafa kompyuta imapitirira, inu mumangosintha yakufayo. Kwa makina amene sayenera kuima ngakhale ola limodzi, ndi yoyenera. Koma pakhomo, n'kangati disiki imafa poyerekeza ndi kangati munthu amasunga fayilo yolakwika pamwamba pa yabwino?

Madisiki oyima pawokha pa AHCI amapereka chimene RAID ilibe: dzulo. File History, pulogalamu imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012, imakopera mafayilo osinthidwa ku disiki yachiwiri ola lililonse ngati simunasinthe nthawiyo, ndipo imasunga akale. Ikanakhalapo, ndikanangobweza ntchito ya m'mawa. Chenjezo ndi lakuti simatenga foda iliyonse yokha. Zimene zili kunja kwa mafoda a masiku onse muyenera kuziwonjezera. Robocopy, pulogalamu ya Windows yokopera mafayilo, ikakhala ndi /MIR (lamulo lofananitsa mafoda awiri) musaidalire pa zimenezi, chifukwa nayonso imafufuta uko chimene mwafufuta kuno.

Mtengo wina umene ogulitsa satchula ndi wa kusintha maganizo. Mukaika Windows pa RAID kenako n'kusankha AHCI mu BIOS, kawirikawiri mumalandiridwa ndi sikirini yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Njira ilipo: muiuze Windows iyambe mu Safe Mode (kuyaka ndi zofunikira zokhazokha), musinthe BIOS, iyake kamodzi choncho kuti itenge driver yoyenera, kenako mubwerere. Koma zimenezi zimathandiza driver yokha. Kumasula madisiki amene ali kale mu RAID ndi ntchito ina, ndipo musaiyambe musanakopere zonse kwina. Motherboard ikafa, disiki ya AHCI mumangoilumikiza pa kompyuta iliyonse. Ya RAID 1 nthawi zambiri imawerengekanso payokha, koma RAID 0 (imene imagawa deta pakati pa madisiki m'malo mokopera) yopangidwa pa chipset ya Intel musayembekezere kuti board ya AMD iilandira.

DVD drive ilibe mbali pa mkanganowu, imangotsatira. Pa ma board ambiri mode imene mwasankha imagwira ma port onse a SATA (molumikizira madisiki), ndiye nayo imalowa momwemo. Liwiro lake la 24x ndi pafupifupi 33 MB pa sekondi, choncho ipatseni port iliyonse yotsala. Koma yang'anani kaye buku la motherboard: ma board ena mukaika SSD ya M.2 (disiki yaing'ono yolowetsa pa board penipeni) amazimitsa port imodzi kapena awiri a SATA, ndipo anthu amataya drive yabwinobwino poganiza kuti yafa, pomwe akanangosuntha chingwe.

Ine ndili ku AHCI, ndipo mkwiyo wa fayilo ija uli nawo mbali pa chisankhochi. Disiki yachiwiri ya mkati nayo si yopatulika, poti power supply ikapsa kapena vairasi ikalowa, onse awiri ali pa ngozi. N'chifukwa chake DVD drive sindinaichotse. DVD-R imatenga 4.7 GB zokha, koma mukaiwotcha n'kuitseka palibe pulogalamu ingalembenso pamwamba pake, ndiye zikalata ndi zithunzi zimene sindingazipezenso kwina zimapita kumeneko.