Nyenyezi zitatu basi: ulendo wa zakudya ku Fushimi Inari ndi mpheta za ababa

Ndadikira masabata awiri ndisanalembe izi, chifukwa ndikanalemba usiku womwe uja bwenzi mukuwerenga mawu ena. Ulendo wake ndi wa kampani ina yoyendetsa alendo, wa maola atatu ndi theka, wa mayeni 11,000 pamunthu, woyambira pa siteshoni ya Inari teni koloko m'mawa. Ndinalipirira anthu awiri, ine ndi ababa, amene anabwera kudzandiona kuno ku Kyoto, ku Japan, mu Januwale ndisanamalize maphunziro. Pa kachisi wa Fushimi Inari salipiritsa pachipata ndipo satseka usana kapena usiku, ndiye musaganize kuti ndalamazo ndi zolowera. Mumalipirira munthu wokuyendetsani ndi zakudya zisanu ndi ziwiri zimene kampaniyi inalemba pa tsamba lake.

Chachinayi pa mndandandawo chinali suzume, mpheta zowotcha, ndipo ndicho chinandichititsa kusankha kampani imeneyi ndikusiya ina yotsika mtengo. Ababa ndi mlimi wa mpunga ku Bwanje, pa sikimu ija inamangidwa ndi thandizo la Ajapani, ndipo moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi mbalame. Mpunga ukayamba kukhwima ife ana tinkadzutsidwa m'bandakucha kukakhala pansanja, kumakoka chingwe cha zitini mpaka manja kuchita matuza. Nditawauza pa foni kuti kuno kuli kachisi wa Inari, mulungu wa mpunga, ndipo panjira yopita kumeneko amawotcha mpheta poti ndi adani a mpungawo, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti ndi anthu anzeru amenewo," anatero. Kuchokera tsiku limenelo za Tokyo analibe nazo ntchito, sitima yothamanga ija ayi, nkhani inali mpheta. Ndinafufuzanso nyengo yake. Kuno amalola kusaka mbalamezi kuyambira pa 15 Novembala kufika pa 15 Febuluwale, choncho tinali m'kati mwenimweni. Ndinalembera a ku ofesi kufunsa ngati mpheta zilipodi pa ulendowo. Anandiyankha kuti inde. Imelo yawo ndidakali nayo.

Wotiyendetsa anali mnyamata wosakwana zaka 30, Chingelezi chomveka bwino, kambendera m'manja, koma kayendedwe kake ngati munthu wothamangira minibasi yomaliza. Tinalipo anthu 9. Zoyambirira zinayenda bwino. Inari-zushi ndi mpunga wothira viniga, woikidwa m'kathumba ka tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) wokazinga wotsekemera, ndipo ku Kyoto kuno amakapinda kukhala ka makona atatu, ati ngati khutu la nkhandwe, pomwe cha ku Tokyo kamakhala kobulungira motalika. Ababa anadya tiwiri, nanena kuti mpunga wake ndi womata kwambiri koma mbewu yake ndi yabwino. Kenako kitsune senbei, bisiketi wopyapyala wokhala ndi nkhope ya nkhandwe, wothira miso woyera (chokometsera cha soya wofufumitsa), amene amawotcha pamaso panu m'zikombole zachitsulo. Wotenthayo ndi wokoma zedi, musagule wa m'bokosi musanalawe ameneyo.

Ndiye tinalowa mu kamsewu kam'mbali kaja kodzaza timasitolo ndi zisakasa za ogulitsa, ndipo fungo linatipeza tisanaone kalikonse. Makala, mafuta a mbalame akudontha, msuzi wa soya ukupserera. Ababa anaima chilili, mphuno m'mwamba. Kutsogolo kwathu kunali kasitolo kakale, agogo aamuna ali pa mbaula akutembenuza timitengo, pathireyi pali mpheta zophwatalala m'mizere, pambali pake zinziri. Ndinagwira ababa pamkono n'kunena kuti tafika.

Mnyamata uja sanaime. Anakweza kambendera kake, nauza gulu lonse moseka kuti amene ali ndi mtima wofewa ayang'ane kumanzere, n'kupitirira.

Ndinaganiza kuti mwina tidzera pobwerera. Koma titaima pa zenera la ayisikilimu, iye n'kulengeza kuti ichi ndiye chakudya chathu chachinayi, ndinamva kutentha m'makutu. Ndinamufunsa mwaulemu kuti nanga mpheta. Ati zimenezo anasiya chaka chatha, alendo ambiri zimawanyansa poti zimabwera ndi mutu womwe, ndipo ena ankalemba ndemanga zoipa. Ndinamuonetsa imelo pa foni. Anaiwerenga, nakanda m'mutu, n'kunena kuti a ku ofesi sanasinthe tsambalo, iye amangotsatira mndandanda umene amupatsa, ngati tikufuna tikhoza kukagula tokha ulendo ukatha. Tikagule tokha! Mayeni 22,000 ndalipira kale, ine wophunzira wodalira alawansi, ndipo munthu akundiuza ndikagule ndekha chinthu chokhacho chimene ndinabwerera. Kuwonjezera apo mayi wina wa m'gululo anakwinya nkhope, ati timbalame tating'ono chonchija n'tomvetsa chisoni. Ankanena izi atanyamula kamtengo ka nyama ya ng'ombe kamene anali atangogula. Enawo anaseka. Ine mawu anali atafika kale pakhosi, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti akafika pamenepo sabwerera.

Ababa ndiwo anandigwira paphewa. "Zisiye mwananga, tili kwa eni."

Palibe chinandiwawa kuposa chimenecho. Munthu wamkulu wa zaka 71, wauluka usiku wonse ndi usana, wavala majekete awiri ndi chipewa chaubweya chimene ndinamugulira, waima m'mphepo ya Januwale atanyamula ayisikilimu wa tiyi wobiriwira amene sanamupemphe, akumunyambita pang'onopang'ono kuti asakhumudwitse mwana wa eni. Ayisikilimu mu Januwale! Ndani anakhala pansi muofesi n'kuganiza kuti chimenechi ndicho cholowa m'malo mwa nyama yotentha yochoka pa makala? Ngakhale zinziri bwenzi zitamveka, zinali pompo, pa mbaula yomweyo.

Kuchokera apo chilichonse ndinkachiona ndi diso loipa, ndiye zimene ndinene za kachisi muzitenge podziwa zimenezo. Mnyamatayo nkhani amazidziwa, sindingamunamizire. Anatisonyeza kasambidwe ka m'manja polowa, kuyamba lamanzere, kenako lamanja, kenako kutsuka mkamwa. Anafotokoza kuti kachisiyu anayamba mu 711 ndi a fuko la Hata, kuti ndiye likulu la akachisi a Inari pafupifupi 30,000 m'dziko lonse, ndiponso kuti chipata chachikulu chosanja chija anachipereka ndi Toyotomi Hideyoshi, wolamulira Japan panthawiyo, mu 1589. Nkhandwe zamiyala zili ponseponse si milungu ayi, ndi amithenga, ndipo mukaziyang'anitsitsa pakamwa ina yaluma kiyi wa nkhokwe, ina ngala ya mpunga. Ababa anaima nthawi yaitali pa ya kiyiyo. Koma nthano ya chiyambi cha malowa ndiyo inawaseketsa. Ati munthu wina wolemera wa fuko lija anaika mkate wa mpunga ngati chandamale n'kuulasa ndi muvi, mkatewo unasanduka mbalame yoyera, inauluka kukatera pamwamba pa phiri, ndipo pamene inaterapo panamera mpunga. Nditawamasulira, ababa anapukusa mutu. "Mbalame yobweretsa mpunga? Zakwathu zimangodziwa kutenga."

Chimodzi ndimuyamikire ngakhale ndinali nditakwiya. Pamene ankaphunzitsa gulu kapempheredwe kake, kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kuweramanso kamodzi, ndinamuuza kuti ababa ndi mkulu wa mpingo ndipo sangachite nawo. Sanakakamize kapena kupanga nthabwala, anangowasonyeza poima. Pa mwala uja wa omokaru, umene umati ukaganiza chokhumba chako n'kuunyamula, ukapepuka kuposa mmene umayembekezera ndiye kuti zitheka, ababa anati za maula iwo ayi, koma anaunyamulabe kuti angomva kulemera kwake. Ati sufika ndowa ya mpunga wosapuntha.

Zipata zofiira zija mwaziona kale pa zithunzi. Chimene zithunzi sizionetsa ndi khamu la anthu. Pa gawo loyamba, la Senbon Torii, mumayenda ngati muli pamzere wa ku ADMARC, aliyense foni m'mwamba. Anthu amayamba kuchepa mukakwera, koma kukwerako ndiye nkhani ina, ndipo tsamba la kampaniyi limangoti "kuyenda pang'ono". Phiri la Inari ndi mamita 233, ndipo ngakhale ulendowu umathera pakati, pa mphambano ya Yotsutsuji, ndi masitepe okhaokha. Amene mukubwera ndi makolo dziwiranitu.

Bondo la ababa linakana tisanafike. Anakhala pamwala m'mbali mwa njira akupuma wefuwefu, gulu lonse litapita, kambendera kosaonekanso. Mumtima ndinali nditayamba kale kulemba ndemanga ya nyenyezi imodzi, ndi mawu ake omwe. Tili pomwepo ndinangoona mnyamata uja akutsika masitepe chothamanga. Anali atasiya anzathu pamwamba kuti azijambula mzinda. Sananene zambiri. Anatenga chikwama cha ababa n'kuchikoleka kutsogolo, nawapatsa mkono, n'kumakwera nawo sitepe imodzi imodzi, akuwaitana kuti otosan, ndiye kuti bambo. Munthu yemwe uja wa liwiro la minibasi. Titafika anawakhazika pa benchi ya kanyumba ka tiyi, anandifunsa kaye ngati amamwa mowa, nditati ayi anakalankhula ndi mayi wa pamenepo kutsimikiza kuti chakumwacho chilibe, n'kubwera ndi kapu yotentha ya amazake, yothira jinja pang'ono. Ababa anapsontha kamodzi, maso n'kuwala.

"Iwe, thobwa ili!"

Ndipo ndi zoona. Ndi mpunga wofufumitsa, wotsekemera wokha popanda shuga, wa timisere pansi. Ndakhala kuno zaka ziwiri ndikumwa chinthu chimenechi osachizindikira. Kapuyo sinali pa mndandanda. Ndinamuona akulipira ndi ndalama za m'thumba mwake.

Potsika ndi pamene mumaona zolembedwa kumbuyo kwa zipata, dzina la amene anapereka ndi tsiku lake, ambiri ndi makampani othokoza kapena opempha kuti malonda ayende. Paphiri lonse zilipo pafupifupi 10,000, ndipo chachikulu chimaposa mayeni 1 miliyoni. Ababa anati ku mpingo kwathu akamva zimenezi ayamba kulemba maina pa njerwa. Chakudya chomaliza chinali kitsune udon, manudo onenepa mu msuzi wotentha wokhala ndi chibenthu chachikulu cha tofu uja pamwamba, ndipo m'kuzizira kumene kuja chinatikhala bwino. Zina mwa zotsalazo, timibulu ta mpunga ta pakamtengo ndi kambale ka ndiwo zowawasa, n'za apo ndi apo.

Gulu litabalalika, tikufunafuna njira ya ku siteshoni, mnyamatayo anapinda kambendera n'kukaika m'chikwama, nati ntchito yatha, tsopano tiyeni. Anatibweza ku kasitolo kaja. Mpheta zinali zitatsala zochepa. Amaziwotcha zathunthu, kuzinyika mu msuzi wa soya wotsekemera, kuzibwezanso pamoto, n'kuwaza tsabola wawo wa sansho amene amachititsa dzanzi lilime. Ababa anaitembenuza uku ndi uku ngati akuyesa mbewu, anayamba ndi mutu monga mwa kwathu, mafupa akulira khumukhumu. Anatafuna nthawi yaitali ali chete. "Shuga wachuluka. Mchere ndi tsabola zikanakwana." Atatero anaitanitsa yachiwiri, ndi zinziri imodzi pamwamba.

Agogo a pa mbaula, poona mmene mlendo akudyera, anafunsa kuti achokera kuti. Pamenepo mnyamata uja anasanduka womasulira, agogowo Chijapani, iye Chingelezi, ine Chichewa, ndipo tinakhalapo pafupifupi theka la ola pa nkhani imodzi, kuthamangitsa mbalame m'munda. Agogowo anafotokoza za naruko, timatabwa tomangirira timapaipi tansungwi, topachika pa chingwe chodutsa m'munda wa mpunga, ukakoka chingwe tonse timalira. Ababa anaimirira ndi bondo lawo lomwelo kusonyeza mmene timakokera cha zitini. Akuluakulu awiriwo anaseka osadikiranso kuti timasulire. Ndinayesa kumupatsa mnyamatayo kangachepe, anakana ndi manja awiri. Kuno salandira, ndipo ndimadziwa, koma ndinayesabe.

Mphetazo ndinalipira ndekha, ndipo pamenepa sindinasinthe maganizo. Mnyamatayo payekha ndikanamupatsa nyenyezi zinayi, imodziyo ndachotsera nthabwala ija ya kuyang'ana kumanzere. Koma ndemangayi ndi ya kampani. Ndinawalembera madzulo omwewo, ndi imelo yawo ija pansi pake, kupempha kuti andibwezere ngakhale ya mpheta zokhazo. Anayankha patapita masiku asanu, kupepesa ndime zitatu zathunthu, ulemu wosaneneka, pamapeto pake kuponi ya 10 peresenti pa ulendo wina. Ababa anali atakwera kale ndege.

Ngati mukufuna mpheta, pitani nokha. Kuchokera pa Kyoto Station ndi siteshoni yachiwiri pa njanji ya JR Nara Line, mphindi zisanu, mukwere sitima yoima paliponse, ndipo mutenge ndalama zapamanja chifukwa timasitolo tina sitilandira khadi. Mufike m'mawa zisanathe, ndipo mudyere pomwepo, kuno sadya akuyenda ndipo mabini simuwapeza. Ngati mukufunabe wokuyendetsani, muwauze alembe zakudya zonse zisanu ndi ziwiri mayina ake mu imelo, ngakhale kuti ineyo imelo sinandithandize. Ndayang'ananso tsamba lawo m'mawa uno. Chithunzi cha mpheta chidakalipo, chachinayi kuchokera kumanzere.