Kashopu ka mayi wa ku Nkhotakota ku Yeoville

Abale amene muli mu Joni, kashopu aka kali cha ku Raleigh Street ndipo ine ndakagoma. Usipa wake ndi wouma bwino, wopanda mchenga, mukaununkhiza mumamva kuti ndi wa kunyanja weniweni. Mpunga wa Kilombero, Nali, tiyi wa Chombe ndi Sobo zonse zilipo, katundu amabwera pa basi.

Koma chomwe chimandikoka kwambiri ndi momwe mayiwa amatidziwira ife ogula. Ambirife timagwira maganyu, ndalama imabwera pang'onopang'ono ndiye iwo amamata timapaketi ta R10 ndi R20 ngati walkman wa ufa kumudzi kuja, ukawerengetsa bwino umalipira zambiri kusiyana ndi kugula thumba lonse koma nanga pakati pa mwezi thumba ungalithe? Ali ndi kope la ngongole, amalemba dzina, umabweza ukalandira, popanda chiwongoladzanja. Masitolo akuluakulu sangakuchitire zimenezo olo pang'ono.

Chondidandaulitsa ndi Sobo, mtengo wake wakwera udyo, komanso salandira khadi, tengani ya m'manja. Loweruka masana kumadzaza, pitani mmamawa usipa usanathe.