Amphotericin wa tsiku limodzi ndi wa masiku 7 pa meninjaitisi ya cryptococcus

Meninjaitisi (kutupa kwa zokuta ubongo) ya cryptococcus, kachilombo ka mtundu wa bowa, yomwe imagwira anthu amene HIV yafooketsa kwambiri chitetezo chawo, ili ndi njira ziwiri zoyambira mankhwala.

Yakale ndi amphotericin B deoxycholate wa m'diripi, 1 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 7 pamodzi ndi flucytosine, kenako fluconazole 1200 mg kwa masiku 7 ena. Mankhwalawa amapha bowa ndithu, koma amavulaza impso, amatsitsa potaziyamu ndi magazi, ndipo mtsempha wa pamkono umatupa mpaka namwino kusowa pobaya. Diripi iliyonse isanayambe, wodwala amafunika lita imodzi ya saline (madzi a mchere a m'diripi) yokhala ndi potaziyamu, komanso kuyezedwa magazi pafupipafupi.

Yatsopano ndi liposomal amphotericin, 10 mg pa kilogalamu, kamodzi kokha basi. Amayamba kusungunulira m'madzi oyera a jakisoni, kenako amasakaniza mu dextrose 5% (madzi a shuga a m'diripi), osati mu saline. Kuyambira tsiku lomwelo wodwala amamwa flucytosine 100 mg pa kilogalamu ndi fluconazole 1200 mg tsiku lililonse kwa masiku 14.

Kafukufuku wa AMBITION, wochitikira ku Malawi, Botswana, Uganda, Zimbabwe ndi South Africa, adafalitsidwa mu 2022. Pofika masabata 10, pa njira yatsopano adamwalira 24.8%, pa yakale 28.7%, ndipo zovuta zazikulu za mankhwala zidachepa. Chaka chomwecho WHO idaika njira yatsopanoyi patsogolo, ndipo idachita bwino.

Chomwe chimadetsa nkhawa n'chakuti flucytosine akasowa, njira zonse ziwiri zimafooka. Komanso mutu ukamapweteka kwambiri kapena wodwala akamaona zinthu ziwiriziwiri, zomwe zimasonyeza kuti mphamvu ya madzi a mu ubongo yakwera, madzi a pamsana ayenera kuchotsedwa msanga, mpaka 30 ml patsiku, chifukwa amphotericin sangatsitse mphamvu ya madziwo.