Guluu wokhuthala wouma msanga kapena woyera wamba uja?

Akalipentala anzanga, kuno ku Ngabu ndayesa onse awiri. Wokhuthala uja ubwino wake sayenderera, ukapaka pa felemu yoimirira amakhala pompo, komanso kumapeto kwa thabwa kumene kumamwa guluu ngati siponji amakhalabe pamwamba. Tizidutswa tating'ono tokongoletsa kabati amatigwira msanga, ungopanikiza ndi dzanja pang'ono basi.

Koma vuto ndi dzuwa lathuli. Okutobala kukatentha kufika madigiri 40, mphindi zochepa zimene wokhuthalayu amakupatsa asanaume zimachepanso, ndiye uli ndi mpando wa majointi (malo olumikizira matabwa) asanu ndi atatu, ukupaka mwendo wachitatu woyamba wayamba kale kuuma, ukamenya ndi hamala osalowa mpaka pansi, ine mpando wa mlombwa unatsala wopendekera choncho ndipo kasitomala anaukana.

Woyera wamba amakupatsa nthawi yokonza sikweya (kuti makona aime bwino), kungoti kalampu yopanira matabwa ikhalepo pafupifupi ola, ngati ndi mpando osaukhalira mpaka mawa lake. Matebulo ndi zitseko ine ndimapita ndi ameneyu. Onse awiri jointi yogwedera sangaipulumutse, ndipo madzi osefukira akalowa m'nyumba ngati nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, amene salembedwa kuti amapirira madzi amafewa.